Oilo wa giyabokosi wadutsa pa HOT, ndingamuchepetse ndekha pakhomo?

Mwini Fielder, Chilomoni

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi Corolla Fielder ya 2004, ija ya NZE121, injini ya 1NZ, otomatiki wamba wa magiya anayi, osati CVT (otomatiki ija yopanda magiya owerengeka). Sabata yathayi ndinaipititsa ku sevisi pa galaja ina m'tauni muno. Ndinawauza kuti asinthenso oilo wa giyabokosi chifukwa anali atayamba kuda. Bwana wa galajayo kunalibe, ntchito anaigwira mnyamata wake. Ndinaona ndi maso angawa akukhuthula chigubu chonse cha malita 4, mpaka kuchigwedeza kuti dontho lomaliza lilowe. Nditafunsa ngati sanachulutse, anangoti "imeneyi imamwa chonse bwana."

Chichokereni kumeneko, galimoto ikatentha ikumachita ulesi. Ndikaponda mafuta pa chitunda injini imayamba yalira kaye, kenako giya n'kulowa mogunda. M'mawa sichita zimenezi. Dzulo ndasolola dipisitiki (kachitsulo koyezera oilo), ndapeza oilo wadutsa kamzere ka HOT ndi zala ziwiri, ndipo ali ndi tithovu ting'onoting'ono. Pomwe ndimaimika papezekanso madontho ofiira.

Ndawaimbira, akuti ndibwere nayo Loweruka. Mtima wobwererako ndilibe, komanso kuyenda nayo ili chonchi ndikuopa. Zida zomwe ndili nazo ndi jeki ya tayala ndi masipanala ochepa. Dzenje lolowera pansi pa galimoto ndilibe, ndipo bwalo la pakhomo ndi lotsetsereka, paja ku Chilomoni malo athyathyathya ndi osowa. Mnzanga wina akuti ndingomasula bawuti ya pansi, wina akuti ndilowetse paipi ndikoke ndi pakamwa. Ndimvere ziti?

Makaniko wa ku Biwi

Pepani nazo achimwene. Mnyamatayo sanakuuzeni zoona, kapena nayenso sadziwa. Giyabokosi ya galimoto yanuyo imalowa malita opitirira 6 ikakhala youma, koma mukamasula bawuti ya pansi oilo satuluka yense. Wambiri amatsalira mu torque converter (chitsulo chodzaza oilo cholumikiza injini ndi giyabokosi), m'mapaipi opita ku redieta ndi m'tinjira ta mkati. Amene amatsika m'beseni amakhala malita 2 kapena 3 basi. Ngati anatulutsa ameneyo n'kuthira 4, muli ndi lita imodzi kapena kuposerapo yomwe ilibe malo. Wodziwa ntchito amayeza amene watuluka, n'kuthira wofanana naye, kenako n'kumalizitsa ndi dipisitiki.

Thovu mukulionalo likuchokera apa. Oilo akakwera kwambiri amafika pomwe pali magiya ndi zitsulo zina zozungulira, ndipo zimamupuntha mpaka asakanikirane ndi mpweya. Tsono otomatiki imasintha magiya ndi mphamvu ya oilo amene pampu ikukankha. Oilo wabwinobwino safinyika, koma wa thovu amafinyika, ndiye makilachi a mkati sagwira zolimba, amaterereka n'kumatentha. Kuchedwa kuja ndi kugunda kuja n'komweko. M'mawa simukuzimva chifukwa oilo wozizira amakhala pansi, akatentha ndi pomwe amafufuma n'kukwera. Madontho ofiirawo ndikukayikira kabowo kopumira kali pamwamba pa giyabokosi, ndi komwe oilo wa thovu amathawira. Akagwera pa ekizozi yotentha mumva fungo ndipo muona utsi. Maulendo ataliatali muyambe mwaleka, makamaka a zitunda. Za ku Thabwa kapena kukwera ku Chawe ziyembekeze.

Koma musanachotse ngakhale dontho, yezani moyenera, chifukwa pa bwalo lotsetserekalo dipisitiki imanama. Pezani pathyathyathya, kaya pa bwalo la tchalitchi kaya pa sukulu. Yendetsani mphindi 15 kuti oilo afike pa kutentha kwake kwa ntchito, cha m'ma 70 mpaka 80 digiri. Imani, kokani handibuleki, phazi likhale pa buleki, muyendetse ndodo ya magiya kuchoka pa P mpaka pa L, mukuima pang'ono pa giya iliyonse, n'kubwereranso pa P. Injini isazime. Ambiri amaphonya pamenepa: injini ikazima oilo amabwerera m'beseni la pansi pa giyabokosi, ndipo dipisitiki imaonetsa wambiri kuposa mmene alili. Sololani, pukutani ndi nsalu yosasiya ulusi, bwezani mpaka ikhale bwino, sololaninso. Muyang'ane mbali zonse ziwiri ndipo mukhulupirire mbali yomwe ikuonetsa pansi, chifukwa inayo imakhala yadzipaka oilo wa m'khoma mwa paipi. Manja ndi malaya zitalikire fani ndi lamba.

Mukatsimikiza kuti wachulukadi, mutulutsireni pomwe analowera, pa paipi ya dipisitiki. Pitani ku famase mukagule sirinji ya 60 ml, ija ya mlomo wautali yodyetsera odwala. M'mashopu a mankhwala a ziweto mumapezekanso zazikulu. Gulani ziwiri, chifukwa ATF, oilo wa giyabokosi ya otomatikiyu, amatupitsa labala wa mkati mwa sirinji ndipo ntchito ili pakati imayamba kulimba kukoka. Mupezenso kapaipi koonekera mkati, kosaposa 6 mm kunenepa, kotalika mita ndi theka kuti ngakhale katakupulumukani kasamire. Kakhale katsopano komanso kouma mkati. Madzi kapena mchenga zikalowa m'giyabokosi, vuto lake limaposa la oilo wochuluka.

Kumapeto kwa kapaipiko mudule mopendekera kuti kasamamatire pansi pa beseni pokoka. Kagonekeni pambali pa dipisitiki, muike tepi pa utali womwewo kuti mudziwe polekezera. Pukutani fumbi pakamwa pa paipi ya dipisitiki, nyengo ya fumbi ino mu boneti mumakhala dothi lokhalokha. Zimitsani injini mudikire oilo atsale wofunda, woti chala n'kupirira. Wotentha amawotcha, komanso amafewetsa kapaipi mpaka kaphwafuke mukamakoka. Wozizira ndi wolemera, mutopa naye. Lowetsani pang'onopang'ono mpaka pa tepi. Kakakana penapake katembenuzeni ndi zala, osakankha ndi mphamvu. Kokani, pindani kapaipi kuti oilo asabwerere, chotsani sirinji, thirani m'botolo louma la 500 ml. Sirinji 8 zimatsala pang'ono kudzaza botolo limodzi.

Botolo loyamba likadzaza imani. Lizani injini, zungulirani pang'ono, dikirani oilo wa m'khoma mwa paipi atsike, yezaninso. Pakati pa timizere tiwiri ta HOT pamalowa oilo wochepa kwambiri, wosakwana theka la lita, ndiye mukayandikira muzichotsa sirinji ziwiri zokha n'kuyeza. Musavutike kuti afike ndendende pa kamzere kapamwamba. Pakati pa tiwirito mpabwino.

Wa takisi, Area 25

Madala a ku Biwi mwafotokoza bwino, koma sirinji 17 kuti lita ikwane, munthu dzuwa limulowera ali pa boneti. Ife amene galimoto ikaima ndalama yaima timagwiritsa mutu wa botolo lopopera, uja wa mankhwala otsukira magalasi. Mumazula kapaipi kake kafupi, n'kulumikiza kautali kaja, kukamwa kwake n'kutembenuza kuti azituluka mowongoka osati momwazika. Mukatero mumangopopera m'botolo osachotsachotsa chilichonse. Chachikulu muutsuke, muusiye padzuwa uume kwenikweni, sopo asatsalemo. Mutuwo sukhalitsa, oilo amauwononga, koma ntchito ya tsiku limodzi umamaliza.

Nkhani ya bawutinso isaopsezedwe kwambiri aise. Galimoto ili yozizira, mumaimasula pang'ono osaichotsa, oilo n'kumatsetsereka m'mazinga mwake kugwera m'beseni. Akakwana mumamanga. Anthu ambiri pa renki amatero.

Makaniko wa ku Biwi

Za mutu wopopera ndagwirizana nazo, bola ukhale wouma. Za bawuti ayi, osati kwa munthu amene ali ndi jeki ya tayala yokha pa bwalo lotsetsereka. Jeki imeneyo ndi yosinthira tayala, munthu ali kunja. Kugona pansi pa galimoto yomwe yaima pa iyo n'kuika moyo pachiswe, ndipo njerwa zootcha zomwe anthu amasanjikiza zija zimafumbutuka osachenjeza.

Ngakhale mutakhala ndi dzenje, bawuti ija ikangotsala ndi zinga limodzi imapulumuka m'zala zoterera, ndipo musanaipeze m'beseni malita awiri atuluka. Poibwezera mwaphuma oilo akutsikira m'khwapa, mumailowetsa mopingasa n'kudya mazinga. Ili ndi washala amene amaphwanyika pomanga kuti atseke bwino, ndipo akamangidwa kachiwiri nthawi zambiri amadontheza. Mutu wakenso si umodzi: magiyabokosi ena a Toyota amafuna aleni, ena sipanala wamba. China, pansi pa galimoto pali mabawuti awiri otulutsira. Ya giyabokosi ili mbali ya batire, inayo ndi ya injini. Kuno timalandira magalimoto omwe mwiniwake anakhetsa oilo wa giyabokosi akuyesa ndi wa injini, n'kuthiranso malita atsopano mu injini yodzaza kale.

Pali enanso amene amazula paipi yopita ku redieta n'kuliza injini kuti pampu itulutse yokha. Imatulutsadi, koma mwaliwiro loti lita imatha musanathamange kukazimitsa. Imeneyo isiyireni ife.

Mayi wa Fit ya buluu

Ine za magiya sindidziwa zambiri, koma ndine namwino, ndiye ndiyankhepo pa za mnzanu wa pakamwayo. Musayerekeze bambo. Choopsa kwambiri si kumeza kokha, koma kutsamwa nawo mafuta amenewa n'kulowa m'mapapo. Kumeneko amayambitsa chibayo choti munthu amagonekedwa nacho. Munthu akameza mwangozi musamusanzitse, chifukwa posanza m'pomwe amalowera m'mapapo. Muthamange naye kuchipatala mutanyamula chigubu chake kuti aone chomwe wamwa.

Za kapaipi, ndamva ena amapempha ka dripi kogwiritsidwa kale ntchito. Chonde gulani katsopano, n'kotchipa, ndipo kakale kamakhala ndi madzi amchere mkati, osanena za matenda.

Botolo lomwe muthiremolo mulilembe ndipo muliike patali. ATF watsopano m'botolo loonekera amafanana ndi sikwashi wofiira uja ana amakonda, mwana wa zaka zitatu sangasiyanitse. Musatayirenso m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime.

Tsono ndili ndi funso langa kwa a makaniko. Yanga ndi Honda Fit ya 2005, ndipo amene amaikonza anandiuza kuti ndiziyeza injini itazima. Inu mukuti isazime. Wolondola ndani? Mng'ono wanganso ali ndi Vitz, tinafufuza mu boneti monse dipisitiki ya giyabokosi osaipeza.

Makaniko wa ku Biwi

Mayi, amene amakukonzerani akunena zoona, nanenso sindinaname. Zomwe ndalemba pamwambapa ndi za Toyota ya achimwenewa ndi magalimoto ena ambiri. Honda ili ndi kachitidwe kake: mumatenthetsa galimoto, kuimika pathyathyathya, kuzimitsa injini, n'kuyeza pakati pa masekondi 60 ndi 90 chizimitsireni. Mukayeza ikulira, kapena mukachedwa, muwerenga zolakwika. Fit yanuyo ndi ya CVT, ndipo ya zaka zimenezo imafuna oilo wa Honda wotchedwa HMMF. ATF wamba musalole kuti alowemo. Ikachulukiridwa, njira ya sirinji imagwiranso chimodzimodzi chifukwa dipisitiki ilipo.

Vitz ya mng'ono wanuyo ngati ndi ya CVT, dipisitiki simunaiphonye, zambiri zilibe. Ma Toyota ambiri a CVT, ndi ena a otomatiki omwe amagwiritsa ATF WS, anachotsa dipisitiki. Mlingo wa oilo umadziwika ndi kapaipi kamene kaima mkati mwa bowo la pansi: mukatsegula bawuti yake, oilo woposa msinkhu wa kapaipiko amasefukira yekha mpaka kutsala madontho. Zimamveka zophweka, koma ziyenera kuchitika injini ikulira, galimoto ili m'mwamba mosapendekera, ndipo oilo ali pa kutentha komwe anaika, pa ma CVT ambiri a Toyota ndi pakati pa 35 ndi 45 digiri. Akapitirira apo amakhala wafufuma, ndiye atuluka wambiri n'kusiya giyabokosi ndi njala. Kutenthako timakuwerenga ndi kompyuta yolumikiza pansi pa chiwongolero. Imeneyo si ntchito ya pakhomo, ndipo pa galaja mufunse kaye ngati makinawo ali nawo musanapereke makiyi. Oilo wake ndi CVT TC kapena FE malinga ndi chaka. A Nissan awo ndi NS-2 kapena NS-3. Palibe amene amalowa m'malo mwa mnzake, ngakhale wa pa shopu alumbire bwanji.

Wa takisi, Area 25

Chabwino madala, za bawuti ndagonja, ine ndimachitira pa dzenje la mlamu wanga. Ndingowonjezera kuti oilo mwachotsayo, ngati ndi watsopano ndipo botolo linali loyera, musataye. Musiyeni thovu litsike, mutseke, adzakuthandizani mukadzachotsa mopitirira. Oilo masiku ano si wotaya.

Mwini Fielder, Chilomoni

Zikomo nonse. Ndinakayezera pa bwalo la sukulu ina pafupi ndi kwathu monga munanenera, injini ikulira. Kuchuluka kunalipodi, ngakhale sikunafike zala ziwiri zomwe ndinaona pakhomo. Ndagwiritsa sirinji. Kapaipi kanakana pomwe paipi ya dipisitiki imakhota, koma nditakapaka oilo kunja n'kukatembenuza kanalowa. Sirinji yoyamba inalimbadi pakati pa ntchito mpaka ndimakoka ndi manja awiri, yachiwiri inandipulumutsa. Ndachotsa mabotolo awiri ndi pang'ono, ndipo tsopano oilo ali pakati pa timizere ta HOT. Thovu latha. Ndakwera nayo chitunda cha kwathu kuno ili yotentha, magiya akulowa bwino osagunda. Pansi pakuonekabe kadontho kamodzi m'mawa, koma si zija zinali poyamba.

Pali china chandisowetsa mtendere. Popukuta dipisitiki ndaona palembedwa TYPE T-IV pachitsulo pomwepo. Chigubu chomwe anathira chija anandiikira m'buti, ndipo kutsogolo kwake kwalembedwa Dexron III. Kodi ndi chinthu chimodzi? Nanga mabotolo ndachotsawa ndisunge kapena ayi?

Makaniko wa ku Biwi

Si chimodzi achimwene, ndipo mwachita bwino kuwerenga chitsulocho. Onse ndi ofiira, fungo n'lofanana, koma amasiyana mmene amagwiritsira makilachi. Dexron III ndi wa magiyabokosi akale. T-IV anapangidwira atsopanoko, omwe kilachi ya mu torque converter imaloledwa kuterereka pang'ono mwadala kuti galimoto isamwe mafuta ambiri. Ikapatsidwa oilo wosayenera, chizindikiro chake nthawi zambiri ndi kunjenjemera mukamayenda mofatsa cha m'ma 50 mpaka 70 pa ola phazi lili mopepuka, kapena kusintha magiya mwaukali. Sifa lero kapena mawa, musasowe tulo, koma si oilo woyenda naye chaka.

Musanaweruze tembenuzani chigubucho muwerenge kumbuyo. Alipo oilo amene kutsogolo analemba Dexron koma kumbuyo ali ndi mndandanda wa magalimoto ena. Mukapeza T-IV kapena JWS 3309, ndiye ali bwino, mabotolo anuwo sungani. Mukapanda kupeza, musawabwezeremo. Apatseni a galaja amene amasonkhanitsa oilo wakale.

Ngati ndi Dexron III weniweni, kukonza kwake ndi kukhetsa ndi kuthira T-IV kawiri kapena katatu, mukuyenda makilomita mazana angapo pakati pake kuti asakanikirane. Kukhetsa kumodzi kumachotsa wosakwana theka la oilo yense, n'chifukwa chake kamodzi sikakwanira. Ine pa giyabokosi ya zaka zimenezi sindikonda makina otsuka mokankha aja, amavundula zinyalala zomwe zinakhazikika n'kukatseka ma solenoid, timavavu ta magetsi towongolera oilo. Ena amawakonda, ndi maganizo anga chabe. Ntchito imeneyi ndiye yofuna dzenje ndi washala watsopano nthawi iliyonse. T-IV mugule wa chigubu chomata bwino pa shopu yomwe mumaidziwa, wopimidwa m'mabotolo ayi. Mukakaonana ndi mwini galaja uja mutenge chigubucho ndi mabotolo anu, mtengo wa oilo watsopano ukuyenera kugwera iwo.

Kadontho katsalako mwina ndi oilo yemwe anasefukira kale akutsikabe m'mbali mwa giyabokosi. Tsukani malo onsewo ndi sopo wochotsa girizi, osathira madzi pa kabowo kopumira kaja kapena pa mawaya, muumitse, ndipo usiku muziyala katoni yoyera pansi. Dontho likagwera pakati, yang'anani bawuti ya pansi ndi m'mphepete mwa beseni, mwina mnyamata uja anabwezera washala wakale. Likagwera chakumbuyo pomwe shafiti ya tayala imalowa m'giyabokosi, ndiye kuti sili ya labala yotseka oilo pamenepo yayamba kulola, ndipo muziyeza oilo sabata iliyonse mpaka itasinthidwa.